Nsapato M'malo mwa Mwana

"Achimwene, tasendezani mutuwo ndione bwino," anatero Kawaya, akukokera mpando pafupi ndi kompyuta.

Mayi a mapasa anali pakauntala ya shopu yawo yojambula, akudula zithunzi za paziphaso, koma maso awo sanali pa sizasi. Ankayang'ana mitu iwiri ija, wa amuna awo ndi wa Kawayayo, mtsikana wokonza mafoni wa khomo loyandikana, itatsala pang'ono kugundana. Nsanje inkawadya, ndipo eni akewo ankadziwa kuti ndi nsanje.

Kale ntchito imeneyi inali yawo. Bambo a mapasa akabwera kojambula ankangoponya foni patebulo, mayiwo n'kulumikiza chingwe, zithunzi n'kulowa mu kompyuta. Kenako polowetsa chingwe pa foniyo panawonongeka, foni n'kumangolandira moto wokha. Ndiye Kawaya anabwera ndi nzeru zake za SSH, zoti foni ndi kompyuta zizipatsana mafayilo pa wayifayi ya mushopu, munthu atangolemba mzere umodzi woyamba ndi scp. Zala za bambo a mapasa sizinkagwirizana ndi kiyibodi, choncho ankamuitana mtsikanayo madzulo alionse.

"Koma wokonza mafoni wanji wolephera kukonza kabowo kokha?" anafunsa mayi a mapasa osadzutsa mutu.

"Kachipangizo kake sikakupezeka, alamu," anayankha Kawaya akuseka. "Bwerani ndikuphunzitseni izi, sizivuta. Mundipumitseko."

"Ine ndinayamba kugwira kompyuta iwe ukuyamwa chala."

"Safunsa anadya phula, mayi," anatero bambo a mapasa, ndipo awiriwo anaseka. Kuseka kumeneko kunawawawa mayiwo kuposa mawuwo. Uchimwene wake uti umenewu, wa anthu osachokera mimba imodzi?

M'mawa mwake bambo a mapasa anaitanidwa kudepoti ya mabasi. Mayi wina wogulitsa nsalu ankaperekeza mwana wake mmodzi yekhayo, amene ankapita kukagwira ntchito kutali, kosadziwika kuti adzabwerako liti. Anafuna chithunzi chachikulu cha iye ndi mwanayo choti akapachike pabalaza. Bamboyo atawajambula n'kubwerera kushopu anachita monga mwa chizolowezi chawo. Anasankha zithunzi zabwino, n'kuzisamutsira mu foda yotchedwa ntchito, n'kuzipatsa mayina 1, 2, 3, zotsalazo n'kufufutiratu poti foni inali yodzadza. Foda ya dzina lomwelo inalinso mu kompyuta, muli zithunzi za nsapato zomwe wamalonda wina anajambulitsa sabata yatha, nazonso 1, 2, 3.

"Ndikukagula inki," anatero. "Kawaya akabwera asamutse zimenezi. Mayi aja afika madzulo."

Chitseko chitangotsekeka, mayi a mapasa anakhala pa kompyuta. Anali ataonerera kokwanira. Lero bamboyo abwera n'kupeza ntchito yatha, aone ngati mtsikana wa mawaya uja akufunikanso muno. Analemba scp, ndipo ma adiresi onse awiri ankawakumbukira bwinobwino, ya foni ndi ya kompyuta. Chinawavuta n'choti iyambe iti. Analingalira pang'ono, n'kuona kuti wamkulu ndiye amatsogola, ndipo pa ziwirizi wamkulu ndi kompyuta.

Mizere inathamanga pa sikirini yakuda ija popanda kufunsa kanthu. Mtima wawo unachita kuti myaa. Anatsegula foda ya mu kompyuta n'kupeza nsapato. Anatsegula ya mu foni, namonso nsapato zokhazokha, zakuda, zofiirira, zina zosongoka. Zithunzi za kudepoti zija zinali zitapita. Anayeretsa sikirini, n'kubwerera pakauntala, n'kunyamula sizasi.

Madzulo onse anafika nthawi imodzi, bambo a mapasa ndi inki yawo, Kawaya, ndi mayi wa nsalu atanyamula fulemu yatsopano kukhwapa. Kawaya analemba mzere wake, bamboyo n'kutsegula chithunzi choyamba.

"Nanga mwana wanga ali kuti?" anafunsa mayi wa nsalu. "Izitu ndi nsapato."

Bambo a mapasa anasanthula foni yonse. "Iwe Kawaya, wachita chiyani?"

"Ine ndalemba monga mwa masiku onse, achimwene. Koma zikakumana za mayina ofanana, scp siifunsa. Imangolemba pamwamba."

"Ndiye walemba pamwamba pa mwana wa eni ake?"

Kawaya anaweramira pa kiyibodi. Anadina kabatani koonetsa mizere yomwe inalembedwa kale. Unabwera wake. Anadinanso, ndipo unabwera wina, kompyuta ili patsogolo, foni pambuyo. Anauyang'ana kanthawi, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kukauntala. Mayi a mapasa ankadula pepala lopanda chithunzi chilichonse.

"Zingabwerere?" anafunsa mayi wa nsalu ndi mawu otsika.

"Madzi akatayika saoleka, mayi," anatero Kawaya. "Pepani."

Mayiyo sanakalipe. Anangoti basi ija panopa ili kutali, ndiponso mwanayo anali atavala malaya amene anamusokera yekha. Anakhumbatira fulemu yake yopanda kanthu n'kutuluka.

Apa bambo a mapasa anamasuka pakamwa. Anamuuza Kawaya kuti nzeru zake zachibwana zawachotsera ulemu pamaso pa kasitomala, ndipo asadzapondenso mushopu mwawo. Mayi a mapasa anadikira kuti mtsikanayo aloze sikirini. Sanaloze. Kawaya anazimitsa sikirini yakuda ija, n'kubwezera mpando pamalo pake. Podutsa pakauntala anaima pang'ono ngati akukonza nsapato.

"Kochokera kumayamba, alamu, kopita kumatsiriza," ananong'ona. "Muzikumbukira, poti tsopano muzichita ndinu."

Kunyumba, mapasa atadya n'kupita kukasewera panja, bambo a mapasa anagwira tsaya. Kenako anausa moyo.

"Mumanena zoona inu za mtsikana uja. Ine ndiye ndinali wogontha. Mundikhululukire, mayi."

Mawu amenewa mayi a mapasa anali atawadikira kwa miyezi, ndipo ankaganiza kuti tsiku lodzawamva adzavina. Anayang'ana mbale yawo, chakudya chili chosakhudza.

"Mayi wa nsalu uja amakhala kuti?" anafunsa.

"Kuseri kwa msika. Bwanji?"

"Ndikawaone mawa. Ndikachoka kumeneko ndikagogoda kwa Kawaya, ndipo inu mukakhalepo."

Bamboyo anawayang'ana modabwa. Mayi a mapasa anavundikira mbale yawo n'kupita nayo kukhitchini.