Wometa Tsitsi Wavala Jekete ya Mwana

Anthu a maboti anali ndi lamulo limodzi losapindika: wopanda jekete yoyandamitsa sakwera. Anali anthu ongodzipereka, aphunzitsi, amakaniko, ndi mayi wina wa imvi amene aliyense ankangomutcha a Nesi. Loweruka lililonse ankatenga ana obadwa ndi vuto la kakulidwe ka ubongo n'kukawayendetsa pa damu m'timaboti ta matanga. Makolo ankatsala kumtunda.

Wometa tsitsi wina anapita kumeneko ndi mwana wake wamkazi, Njuchi. Dzinali analipata chifukwa salankhula, amangong'ung'uza tsiku lonse. Madzi amawakonda zedi, koma chinthu chomuthina pathupi ndi mdani wake. A Nesi atangomugunditsa jekete paphewa, anakuwa mpaka ana ena anatseka makutu, kenako anadziluma dzanja.

"Mwanayu sindikumukana, bambo," anatero a Nesi. "Koma popanda iyi sindingamukweze, ngakhale mundigwadire."

"Ndibwerekeni ndipite nayo kunyumba," anayankha wometa.

Kunyumba kunali achemwali ake, amene ankalera Njuchi chimwalirire mayi ake. Ankamulera ndi chikondi, inde, koma chikondi chake cha loko: akapita kumsika ankamukhomera m'chipinda.

"Achimwene, mwana wotere ndi wa m'nyumba," anatero. "Mwakaonetsa dziko lonse mmene amakuwira. Sizinakukwaneni?"

Sizinamukwane. Lolemba m'mawa anavala yekha jeketeyo, ya mwana, yowala ngati lalanje lakupsa. Pa munthu wa chimimba ngati iye inangokhala m'khosi, malamba ali lendelende m'nthiti. Anagwira Njuchi padzanja n'kudutsa naye msewu wonse mpaka kushopu yake yometera. Anamukhazika pabenchi pafupi ndi galasi, nayatsa mashini.

Anthu a m'shopu yometera sasowa chonena ngakhale tsiku wamba, ndiye taganizani.

"Amisiri, kodi kukubwera chigumula osatiuza?"

"Mundimete msanga tisanamire."

"Weramitsani mutu, bwana," ankangoyankha choncho, mashini ali kulira kuseri kwa khutu.

Manyazi ankawamva, tisanamizane. Thukuta linkatsika mumsana, tsitsi la anthu linkamatirira pansalu ya jeketeyo. Bambo wina wa tayi anayang'ana Njuchi akugwedeza thupi pabenchi, nanena kuti abwera tsiku lina pakakhala bata.

"Bata silibwera muno," anatero wometa. "Uyu ndi mwana wanga, pano ndi pake. Ometa ena ali patsidya apo."

Anadya ali chivalire, kusesa ali chivalire, ngakhale kumapemphero anapita nayo. Achemwali ake anasiya kuyenda naye limodzi. Njuchi poyamba ankaizemba jeketeyo. Kenako anayamba kukoka lamba mmodzi, kumvetsera kachitsulo kake kakulira. Tsiku lina anaika mphuno pansaluyo, nakhala choncho nthawi yaitali. Bambo ake anaima chilili, lezala ili m'manja, kasitomala ali ndi thovu kumaso.

Masabata anapita ndithu. A Nesi anatumiza uthenga kuti Loweruka likubwerali ndi lomaliza, mvula ikayamba maboti amalowa m'shedi. Achemwali nawo anabwera kudamuko, ati kudzathandiza kumugwira mwanayo akayamba zake.

Pa thabwa lokwererapo, mnzawo wa a Nesi anabwera ndi jekete ina yatsopano. Njuchi anabwerera m'mbuyo, kung'ung'uza kuja kukukwera.

"Basi, tiyeni tizipita," anatero achemwali. "Mwayesetsa."

"Sitikupita."

Wometa anagwada pathabwa lonyowa, navula jekete yake ija, yakuda ndi thukuta, yonunkha mafuta a mashini. Sanamuveke. Anangoigwira m'mwamba, boti likugunda thabwa. Ana ena anali atakwera kale, ndipo palibe anamufulumizitsa. Njuchi anayandikira, anainunkhiza, nalowetsa dzanja limodzi, kenako linalo. A Nesi anamanga malamba pang'onopang'ono, n'kuwakoka kuti aone ngati agwira.

Thanga linadzaza mphepo, boti linapendekeka pang'ono n'kuchoka. Njuchi anakhala kutsogolo, dzanja lili m'madzi. Wometa anatsala pathabwa ndi malaya onyowa, akukweza mkono. Mwanayo sanacheuke.

"Mwaona?" anatero achemwali. "Mwasanduka choseketsa cha tauni yonse chifukwa cha iye, koma sanakuyang'aneni n'komwe."

Wometa anatsitsa mkono, napukuta kumaso ndi kolala.

"Ayang'anenji kuno, achemwali? Nkhope zathuzi waziona moyo wake wonse. Musiyeni aone zina."