Dzina Limodzi pa Khoma la Gereja

Bambo Jacinto, wolemba maina pakhoma, anali akutsuka kale burashi pamene mayi Genoveva anaima pa khoma la gereja, tchalitchi chatsopano cha ku Fíngoè, chala chikutsata zilembo. Panali maina a mabanja onse amene anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo. Amene anatsala m'manda kumeneko anali ndi kamtanda pambali.

"Quitéria ali mmodzi apa," anatero mayiwo. "Ine ndinabereka awiri."

Mwana wawo Quitéria ndiye anakonza mainawo pa kompyuta ya ku parokia. Mu fayilo ya XML yosungira mainawo, maina a ana anali mkati mwa a makolo awo, ngati kadengu m'dengu. Koma malangizo a XSLT osindikizira ankatola anthu onse nthawi imodzi, kenako n'kulowanso m'banja lililonse kukatola ana. Mwana aliyense ankatuluka kawiri. Pochita manyazi kufunsa, Quitéria anangolamula kuti dzina lobwereza m'banja lizitayidwa.

Sanaganize za mkulu wake, Quitéria woyamba, amene anamwalira ali wakhanda kumsasa wa othawa. Iye atabadwa anamupatsa dzina lomwelo.

Anathamangira kwa aphunzitsi Virgílio, amene anamuphunzitsa makinawo.

"Kuthamanga si kufika, mwanawe," anatero ataona fayiloyo. "Cholakwa si maina, ndi njira. Malangizowa ayambire pa makolo okha, atsikire kwa ana kamodzi."

Atakonza, pepala linatuluka ndi a Quitéria awiri, wina ndi kamtanda.

Bambo Jacinto analiyang'ana n'kupukusa mutu. "Iwe namwali, khoma ndi legeni kuti ndilikoke? Apa ngakhale nyerere singapeze pogona. Tinta yoyera, penti yofufutira ija, inatha, ndipo gereja akutsegula mawa."

"Manda a mwana wanga woyambayo sindingawalozenso, tchire linameza," anatero mayi Genoveva motsitsa mawu. "Ndimati mwina pano..."

Quitéria anayang'ana pansi, chala cha phazi chikukanda fumbi.

"Malume, ikani kamtanda pa dzina lilipoli."

"Malodza! Ukudziika m'manda uli wamoyo?"

"Linali lake ndisanabadwe. Ine ndilipo, akandiitana ndiziyankha ndekha."

Bambo Jacinto anatembenukira kwa mayi Genoveva. Mayiwo anaphimba nkhope ndi kapulana, chitenje chawo, ndipo patapita kanthawi anagwedeza mutu kuvomera.

Burashi inaviikidwanso. Quitéria ndiye anagwira chitini cha tinta yakuda, ndi manja onse awiri, kuti chisatayike.