Tiyi wa Hajja Nabawiya

Mkulu wanga Gamalat ankagona ngati alipidwa. Tsitsi kuthothoka, thupi kulemera, kumva kuzizira dzuwa la kwathu ku Sohag likuswa mtengo. Apongozi ake, Hajja Nabawiya, sanachedwe kutchula matendawo: ulesi. Anayamba kuzemberazembera kwa aneba kukaona mtsikana wa kumeneko, ati mwana wawo Ragab, mwamuna wa Gamalat, akufunika mkazi wachiwiri wodziwa kudzuka. Ine zinandiwawa zedi.

Dokotala anati waulesi ndi chithokomiro cha pakhosi, osati mwini wake. Anamulembera kapiritsi ka m'mawa uliwonse, mavitamini ndi mankhwala owonjezera magazi. Akunja aja, a mabokosi onyezimira, titamva mtengo tinangoseka. Tinagula otchipa opangidwa konkuno.

Miyezi inadutsa, Gamalat ali chigonere.

"Zotchipa n'choncho," anatero Ragab, ngati anaponyapo kanthu.

Ndinabwerera ku famase mtima uli m'mwamba. Mayi wogulitsayo anandisiya ndilalate mpaka malovu kuuma, kenako anafunsa, "Amamwera chiyani?"

"Tiyi, nanga munthu n'kumwera chiyani?"

"Onse pamodzi?"

"Eya."

Anagwira mutu. "Mankhwalawa alibe mlandu, mchemwali, tiyiyo ndi amene akuwatchinga kugwira ntchito. Ka chithokomiroko azimwera madzi, m'mimba mulibe kanthu. A magaziwo masana, tiyi akhale patali."

Apa ndiye panagona nkhani. Tiyi wam'mawa kunyumba kuja amaphika ndi Hajja okha, wakuda bii, supuni kuima yokha. Ndipo kwathu kuno kukana tambula ya munthu n'kumutukwana, nanji apongozi.

"Bola kufa," anatero Gamalat nditamuuza.

"Basi yamba kusoketsa diresi, ukavine pa ukwati wa mwamuna wako."

M'mawa mwake ndinakhala pambali pa Gamalat. Hajja anabwera ndi thireyi.

"Pepani amayi, sindimwa," anatero Gamalat, maso pansi.

"Tiyi wanga walakwanji?"

Pakamwa pangapa sipachedwa. "Ndi amene wakhala akumugoneka, Hajja." Ndinafotokoza zonse. Iwo ananyamula thireyi n'kutuluka. Gamalat anayamba kupinda zovala akulira, ine n'kumadzitukwana mumtima.

Tsiku lotsatira chitseko chinatseguka. Hajja, thireyi m'manja, pamwamba pake tambula ya madzi.

"Imwa. Tiyi ndikupatsa nthawi yake ikakwana, ndakafunsa ndekha ku famaseko." Anaima mpaka Gamalat atameza. Pofika pakhomo anacheuka. "Mwana wa aneba uja ndamuonetsetsa. Amatafuna mokweza, sindingakhale naye nyumba imodzi."