Nthambi Kuseri kwa Kalendala

Dorothy Namacha anali atalephera kale Bayoloje kawiri pamene anaganiza zolembanso mayeso a Fomu 4, ali mayi wa ana atatu. Ankasoka makatani m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo Loweruka ankaphunzira pa sukulu ya akuluakulu ku Chitawira. Mtima wake unali pa unamwino.

Kuwerenga kwake kunali koloweza. M'minibasi yochokera ku Chigumula ankabwereza manotsi chamumtima, mzere ndi mzere, koma pofika pa Limbe zonse zinkakhala zitapiringizana ngati ulusi wa m'thumba la telala.

Tsiku lina masana Nazia, mwana wa mwini sitolo amene anali patchuthi kuchokera ku koleji, anamupeza atagwira tsaya, buku lili pamakina.

"Kwagwanji, a Dorothy?"

"Mutu wangawu ndi dengu lobooka. Ndawerenga za mtima sabata yonse, koma mutandifunsa, palibe chomwe ndinganene."

Nazia anachotsa kalendala yakale pakhoma, naitembenuza. Pakati analemba MTIMA, n'kuzunguliza mzere.

"Tsekani bukulo. Mukukumbukapo chiyani?"

"Uli ndi zipinda zinayi."

Nazia anakoka nthambi, nalembapo "zipinda". Dorothy anatchulanso mitsempha, kenako mapapo, ndipo chilichonse chinapeza nthambi yake, ina n'kuphukanso timphanda.

"Mwaona? Mumazidziwa, kungoti zinalibe pokhala. Ku koleji timati mayindi mapu."

Dorothy anapita ndi kalendalayo kunyumba, najambula yake ya impso. Lolemba anaionetsa monyadira. Pepala lonse linali bii ndi zilembo, chifukwa nthambi iliyonse inasenza ziganizo zathunthu zokopera m'buku.

Nazia anapukusa mutu. "Apa mwangosamutsa buku. Nthambi imodzi, liwu limodzi kapena awiri. Zotsalazo mutu wanu uzinena wokha."

Zinamuwawa Dorothy, pakuti Lamulungu lonse linathera pamenepo. Komabe anapinda pepalalo, napempha kalendala ina. Anabwereka makrayoni a mwana wake Emily: ofiira a magazi ochoka kumtima, abuluu a obwerera. Pamene mawu ankamuvuta ankajambula kachithunzi. Impso inkaoneka ngati nyemba, basi anajambula nyemba.

Makalendala a m'sitolo atatha, anayamba kupempha kwa makasitomala ndi kwa amayi anzake kutchalitchi. Posakhalitsa khoma la pabalaza linadzaza.

"Amake Emily, mizu ya chinangwa imeneyi ndiyo ikulowetseni ku unamwino?" anafunsa mwamuna wake Ackim, akuvula nsapato.

"Tengani iyo ya chiwindi, muibise kumbuyo kwanu."

Ackim anaibisa. Dorothy anatenga pepala loyera n'kuyamba kujambulanso kuchokera m'mutu. Atafananitsa, nthambi ziwiri zinasowa.

"Ndiye mwalephera," anatero Ackim.

"Ayi, ndadziwa poti ndiwerenge. Kale ndinkangobwereza zonse, osadziwa pamene pakudontha."

Kuyambira pamenepo Ackim ndiye ankasunga makalendala. Akaweruka ku garaja ankasankha imodzi mosamuuza, n'kungotchula liwu la pakati, Dorothy n'kumajambula kwinaku akufotokoza mokweza. Mawu ena Ackim ankawatchula mokhota mpaka ana kugwa ndi phwete, koma sanasiye.

Tsiku la mayeso funso lalikulu linali la kayendedwe ka chakudya m'thupi. Kwa kanthawi m'mutu mwa Dorothy munangoti zii. Anapuma, nalemba liwu limodzi pakona pa pepala ndi pensulo, n'kukoka nthambi yoyamba: pakamwa. Yachiwiri inabwera yokha. Atamaliza kujambulako anayamba kuyankha, nthambi iliyonse ndime yake.

Zotsatira zitatuluka, Bayoloje anakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse. Masamu analephera.

Dorothy anakakhala pakhonde. Ackim anabwera kudzakhala pambali pake.

"Mwayesetsa, amake Emily. Mwina pano mupumuleko."

"Masamu ndinawajambula ngati Bayoloje, pamene iwo amafuna kuwasova tsiku ndi tsiku. Nthambi zingondikumbutsa njira, koma dzanja liyenera kuzolowera." Anaimirira, nakonza chitenje. "Mawa m'mawa ndidzera ku Chitawira kukalembetsanso. Mukawauze ku sitolo kuti ndichedwa pang'ono."