Mtchona wa Pakhonde la a Sefu

Chaka cha 1956, mvula itangokata, Gilibati Chimkwita analembedwa ntchito ya ukalaliki kuboma ku Lilongwe. Anamupatsa njinga, buku lachikuto chofiira ndi mapensulo atatu, namutuma kuti aziyenda m'midzi ya ku Nathenje ndi ku Mitundu kulemba ana obadwa, anthu omwalira, odwala chifuwa chachikulu, olandira katemera wa nthomba, ndiponso amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale.

Ntchitoyi Gilibati ankaikonda. Anthu poyamba ankamuthawa poganiza kuti wabwerera za msonkho, koma iye anali wocheza, ndipo akakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo mtedza, mayina ankatuluka okha.

Tsiku lina, m'mudzi wina kufupi ndi Nathenje, anapeza mayi wina dzina lake Zipora akumanga fodya m'chigafa pamodzi ndi mlongo wake Davide.

"Amuna anu ali kuti, mayi?" anafunsa Gilibati.

"Ku Joni. Chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi. Kalata inasiya kubwera chaka chathachi."

"Ingolembani kuti anamwalira, akalaliki," anatero Davide. "Mwina mlongo wangayu angapeze banja lina."

Zipora anaika fodya pansi. "Maliro awo munawaona inu, achimwene? Lembani kuti ali kuntchito. Dzina lawo ndi a Esau Mwale."

Gilibati atafunsa nambala ya chitupa chawo, Zipora anati saidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti chala chawo chaching'ono cha kudzanja lamanzere chinaduka ndi nkhwangwa ku Dzalanyama asanakwatirane. Gilibati anaseka nati m'bukumo mulibe malo olemba zala, komabe analemba Esau pamzere wa amene ali kuntchito. Analembanso mwana wawo Masozi, amene anabadwa bambo ake atachoka kale.

Patapita masabata awiri, Gilibati anafika ku Mitundu tsiku lamsika. Kuchipatala chaching'ono cha kumeneko anamuuza kuti pali telala wina pakhonde la sitolo ya a Sefu, amene anatuluka kuchipatala cha Likuni atachira chifuwa, ndipo sanalembedwe. Anamupeza akupalasa makina, munthu woonda koma wamaso amoyo.

"Dzina lanu, bambo?"

"Jones."

"Kwanu?"

"Kutali."

Gilibati anali atanyowetsa kale pensulo ndi lilime pamene anaona dzanja limene linkakankha nsalu. Zala zinali zinayi. Anatseka buku.

"A Esau Mwale," anatero motsitsa mawu.

Makina anaima. Munthuyo anayang'ana kumsika ngati akufuna pothawira, kenaka anaweramitsa mutu. Anafotokoza kuti dzina la Jones anamupatsa ndi kapitawo kumgodi. Chifuwa chitamugwira anamubweza, ndipo anagona ku Likuni miyezi isanu ndi iwiri. Atatuluka, a Sefu anamupeza atakhala pamsika, anamupatsa pogona namuphunzitsa kusoka.

"Anzanga amabwera ndi njinga ndi masutikesi," anatero Esau. "Ine ndabwera ndi bulangete limodzi. Ndikalowa bwanji pamudzi? Ndinkaopanso kukapatsira anthu matendawa."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati ndachira."

Gilibati sanamudzudzule. Anangotsegula buku pa tsamba la ku Nathenje n'kuwerenga pang'onopang'ono: "Zipora, ali moyo, akulima fodya. Masozi, mtsikana, zaka zisanu, katemera analandira."

"Mtsikana?" Esau anafunsa. Makalata awiri amene analandira ku Joni ankangoti mwana ali bwino.

"Mtsikana, wa mpata pamano ngati inu nomwe. Alamu anu anandiuza kuti ndilembe kuti munamwalira, koma akazi anu anakana kwamtuwagalu."

A Sefu, amene ankamvetsera ali kuseri kwa kauntala, anatuluka akupukusa mutu. "Miyezi yonseyi mukudya kwanga osanena kuti muli ndi banja pafupi pompa? Pitani, achimwene. Mng'ono wanga Mohamed ali ndi sitolo pa Nathenje, khonde lake lili chabe. Makinawa tidzakutumizirani pangolo." Atatero anang'amba nsalu yamaluwa naiponya pamiyendo pa Esau. "Musapite chimanjamanja."

Loweruka m'mawa ananyamuka, Gilibati akupalasa, Esau ali pakaliyala atafumbata bulangete lake ndi kadilesi kamene anasokera mwana wake. Pazitunda ankatsika n'kumakankha, chifukwa mpweya wa Esau unali usanabwerere bwino. Atafika pamtsinje wa pafupi ndi mudzi, Esau anapempha kuti aime. Anasamba kumaso, kenaka anakhala pamwala nthawi yaitali. Gilibati anangodikira, akuchotsa chisoso m'masokosi.

Zipora anali akupeta mapira pabwalo. Atawaona anaika lichero pansi bwinobwino, anayenda mpaka pamene panaima mwamuna wake, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda," anatero.

"Ndinadwala."

"Ndiye simukanabwera kudzadwalira kuno?"

Zipora anamulanda bulangete lija n'kukaliika m'nyumba, ndipo ali m'nyumbamo ndi m'mene nthungululu inamveka. Anthu anathamanga kuchokera m'zigafa. Davide anafika, anagwira mlamu wake chanza ndi manja awiri, kenaka anayamba kuthamangitsa tambala wake wamkulu kuseri kwa nkhokwe.

Gilibati anafuna kutsanzika poti kutsidya kunatsala mabanja khumi osalembedwa, koma Zipora anatenga njinga yake n'kuilowetsa m'nyumba. Gilibati anakhala pamphasa mpaka dzuwa linapendeka, akudya nkhuku ndi kumva Esau akusimba za sitima ya pansi pa mgodi.

Kadilesi kaja kanachepa, poti Esau anangoganizira msinkhu. Masozi anakavala chomwecho, mabatani akumbuyo osamanga, n'kumazungulira nako nyumba ndi nyumba.