Khadi Lagolide la Milutin

Milutin anali ndi matenda amodzi okha: khadi lagolide la kampani ya ndege. Khadilo linkamulowetsa m'chipinda cha mabwana pabwalo la ndege, komwe khofi ndi waulere, ndipo pamzere sankaima ngati ife enafe. Koma chaka chikatha usanauluke mamailosi okwanira, amakulanda. Iye anaperewera pang'ono chabe, ndipo tikiti yotchipa inapezeka pa tsiku la Nikola Woyera, poti tsiku limeneli ndani angauluke? Theka la Belgrade limakhala likuphikira slava, phwando la woyera wa banja, theka linalo likupita kukadya.

Tsoka lake, chaka chimenechi slava inali kwa Milutin. Bambo ake, a Vukašin, miyendo itayamba kuwakana, anati kandulo ndi chithunzi cha woyerayo azisiya m'manja mwa mwana wawo wamkulu. Masana wansembe abwera, Milutin anyema naye mkate koyamba, kenako aima chilili kutumikira anthu, pakuti mwini slava sakhala pansi kandulo ikuyaka. Mipando ndi ya alendo.

"Mutu wanu ukuyenda bwino, inu?" anafunsa mkazi wake Slavica m'mamawa, akupala nsomba. "Ku Athens mukukatani?"

"Palibe. Nditsika n'kukweranso yomweyo. Nsomba zanuzo zisanapse ndabwera."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo."

"Ndege si basi, mayi. Imasunga nthawi."

Ku Athens sanaone ngakhale msewu umodzi. Anatsika, kuzungulira khonde, n'kukaima pakhomo lomwe anatulukira lija. Mtsikana woona matikiti anamuzindikira, n'kuseka.

"Mwaiwala chiyani kwanu, bambo?"

Milutin anasekako, koma kusekako kunatha atamva chilengezo: Belgrade yakutidwa ndi chifunga, palibe ndege yonyamuka.

Anathamangira m'chipinda cha mabwana chija. Mipando yofewa inali mbwee, koma thako linakana kukhazikika. Anathira khofi, kumusiya. Anapita pawindo, kubwerera, kukafunsa, kubwereranso, ngati nkhuku yosowa poikira. Anatulutsa khadi lake n'kulionetsa kwa mayi wapakauntala.

"Ine ndine wagolide. Palibe chomwe mungachite?"

"Chifunga sichiona khadi, bambo," anatero mayiyo. "Tengani keke."

Foni inalira. Anali mng'ono wake Radoje.

"Achimwene, mwafika pati? Wansembe wabwera."

"Mthirire kachasu wa rakiya, azimwa kaye."

"Tamthirira kale mpaka mphuno yafiira. Akuti nyumba zomudikira ndi zambiri. Ababa akungoyang'ana kuchitseko."

"Uwauze ndili m'njira."

"Njira yake iti, ya m'mitambo?"

"Iwe Radoje, usandiyese! Mkatewo wina asaukhudze, wamva?"

Radoje anadula foni. Kenako foni inasiyiratu kulira, ndipo bata limenelo ndi lomwe linamuopsa Milutin kuposa chifunga. Anaimba kwa Slavica, osayankha. Anaimbanso.

Ndege inatera dzuwa litapendeka kale. Atangoyatsa foni, uthenga unalowa: kampani ikumuthokoza, khadi lake lagolide lapitirira chaka china. Sanaumalize kuwerenga. M'takisi anamukalipira dalaivala njira yonse ngati kuti chifungacho anachibweretsa ndi iye, ndipo masitepe a kwawo anawakwera chothamanga, fungo la lubani ndi nsomba likumulonjera.

Slavica ndiye anatsegula chitseko. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. M'manja anali ndi thireyi ya tirigu wophika wotsekemera ndi kasupuni, zomwe mlendo aliyense amalandira pakhomo.

"Takulandirani," anatero. "Lawani."

Kumbuyo kwake kandulo inali kuyaka pansi pa chithunzi cha woyera. Mkate unali wonyemanyema, vinyo atanyowetsa pakati. Radoje anali chilili, botolo m'manja, maso ali pansi.

"Ababa, chifunga..." anayamba Milutin.

A Vukašin anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osakwiya, osaseka.

"Radoje," anatero mkuluyo, "mupatse mpando mlendoyu. Wachokera kutali."

Mng'ono wake anakoka mpando. Milutin, amene tsiku lonse analephera kukhazika thako pansi, anakhala.