Besi ya a Cornélio

Ku Furancungo mukafunsa za woyimba besi, ngakhale wogulitsa tomato akulozerani kwa a Cornélio. Kuyimba anaphunzirira ku Dedza, nthawi imene anathawa nkhondo, ndipo amene anawamva masiku amenewo amalumbira kuti mawu analipo ndithu. Koma zaka zimadya, fodya nayenso amadya, kuzizira kwa m'mapiri nako sikusiya munthu. Mawu aja anachoka pang'onopang'ono osatsanzika, ndipo palibe anazindikira, ngakhale eni ake. M'tchalitchi angamve ndani? Ng'oma zikulira, wa kiyibodi wakweza mpaka kumapeto, amayi akululutira. Anthu ankangoona kukamwa kwa a Cornélio kuli yasa, n'kumauzana kuti koma besi ilipo.

Mbiri yeniyeni inabwera ndi Anabela, mwana wa mlongo wawo, amene anatsegula kachipinda kojambuliramo nyimbo ndi mavidiyo a maukwati pafupi ndi msika. Kompyuta yake inali yakale, yosatha kunyamula mavidiyo payokha, ndiye pambali pake ankalumikiza kabokosi kakuda kothandizira kukonza zithunzi. M'kabokosimo munali fani yoziziritsa makina, ndipo faniyo inali itamwa fumbi la misewu ya ku Macanga mpaka kukhuta. Sinkazungulira mwakachetechete ngati zinzake. Inkabuula, huuum, mawu okhuthala apansipansi. Tebulo linali limodzi lokha, choncho maikolofoni ankakhala pafupi ndi kabokosiko. M'chipindamo kubuulako kunkangomveka ngati phokoso wamba, koma kukalowa m'nyimbo n'kutulukira pa sipika, kunkasanduka besi yogwedeza mawindo.

Nyimbo za kwaya ya a Cornélio zinayenda pa mafoni mpaka ku Tsangano ndi ku Ntengo-Wambalame. Anthu m'mashapa, ndiwo maminibasi, ankadabwa: munthu wanji uyu wosapuma mpweya kuyambira poyamba mpaka pa Ameni? Chakumapeto kwa nyimbo makina akatentha, fani inkathamanga kwambiri, mawu n'kukwera pang'ono, ndipo amayi ankati Mzimu wawatsikira. A Celso, mtsogoleri wa kwaya, anachotsa a Cornélio kumbuyo n'kuwayimika kutsogolo penipeni. Malo amenewo a Cornélio anawakonda kuposa munda wawo. Anayamba kumanga mpango m'khosi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, madzi ankamwa ofunda okha, ndipo mbuzi zikalowa m'munda ankatuma akazi awo a Domingas kuti azikalipire, poti mawu a Mulungu sathamangitsira mbuzi.

Chaka chimenecho makwaya a mpingo wawo anauzidwa kutumiza nyimbo imodzi yojambulidwa, kuti opambana akayimbe pa msonkhano waukulu ku Tsangano. Apa ndi pamene a Cornélio anadziputira tsoka ndi manja awo omwe.

"Iwe Anabela," anatero atalowa m'kachipinda kaja, "chinthu chakochi chikundidyera mawu."

"Chiti, amalume?"

"Ventoinya, fani yakoyi. Ndikamayimba imalongolola nane. Anthu akumva theka la besi yanga. Theka linalo likupita kuti?"

Anabela anayang'ana pansi. M'Furancungo monse iye yekha ndiye ankadziwa chilungamo chake, chifukwa tsiku lina anajambula chipinda chopanda munthu mwangozi, n'kumvamo amalume ake akuyimba pomwe iwo anali kudimba. Sanauze aliyense. Ankawakonda, ndipo ankachita nawo chisoni.

"Isiyeni, amalume, ikugwira ntchito bwinobwino. Não vale a pena, palibe phindu kuyisintha."

"Vale! Phindu lilipo! Wayamba liti kundiphunzitsa za mawu iwe? Ndinayamba kuyimba usanabadwe."

Anabela anakana kawiri. Kachitatu a Cornélio anati akawauza mayi ake kuti mwana wawo ali ndi kaduka ndi malume wake, ndipo nkhani inathera pomwepo. Iwo eni ndiwo anapita kwa dalaivala wa shapa ya ku Tete ndi kapepala ka muyezo wa fani, n'kumuuza kuti asankhe yosalankhula.

Fani yatsopanoyo itafika, a Cornélio anakhala pampando kuti aonerere ntchito, atanyamula kambale koyikamo masikuluwu ngati munthu wonyamula mbale ya zopereka. Anabela anazula chingwe cha magetsi, namasula chivundikiro. Fumbi linati fwaa, ndipo a Cornélio anatseka pakamwa ndi mpango kuti lisawonongere dziko chuma chake. M'katimo munali mphemvu yowuma kale. Anabela anachotsa kawaya kakang'ono, natulutsa fani yakale ija, mapiko ake atakakamira dothi. Anapukuta m'kati ndi kansalu, nayikamo yatsopano, namanga masikuluwu mmodzimmodzi pang'onopang'ono, ngati akuyembekeza kuti amalume asintha maganizo. Sanasinthe.

"Wayatsa?"

"Ndayatsa."

A Cornélio anayika dzanja pa kabokosiko. Kamphepo kankatuluka, phokoso ayi. Anaseka mpaka mano akumapeto kuoneka.

"Pronto, basi! Tsopano Tete yense andimva. Chakalecho kataye kudzala."

Anabela sanachitaye. Anachiponya m'kabati.

Tsiku lojambula kwaya inadzaza kachipindako, anthu atasamba n'kudzola. Anayimba ndi mtima wonse, a Cornélio ali kutsogolo, kenaka onse anaunjikana kuti amvere. Amayi anamveka bwino, oyimba tena nawonso. Koma pansi pa nyimboyo panalibe kanthu, inali ngati nyumba yomangidwa popanda maziko. Wotchera khutu kwambiri akanamva kamawu kosasa, kofanana ndi munthu amene wangomaliza kukwera phiri.

"Mwayiwala kutsegula besi, dona Anabela," anatero a Celso.

Anajambulanso. Zinali chimodzimodzi.

Pamenepo aliyense anasanduka dokotala. Wina anati ndi chimfine cha m'kati chosaoneka. Mayi Serafina, amene sachedwa kupeza wolakwa, anati mawu otere sangangosowa okha, alipo amene wawamanga, ndipo maso onse anatembenukira kwa Tito, mnyamata woyimba besi kumbuyo. Tito analumbira potchula agogo ake onse. A Celso, munthu wodziwa kubaya mwaulemu, anatsokomola n'kunena kuti mphatso yaikulu imafuna kupumula. Anawonjezera kuti ngati pofika Loweruka mawu sanabwerere, Tito ayima kutsogolo, ndipo bambo athu akhala pabenchi n'kumatipempherera.

Pabenchi! A Cornélio anapita kunyumba. Anamwa uchi, anatafuna jinja, anameza mazira aawisi mpaka a Domingas anayamba kubisa nkhuku. Ankapita kuseri kwa nkhokwe kukayesa mawu, ndipo ngakhale galu sankatembenuka. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene akuona kuti Lamlungu likubwera ndipo adzakhala pakati pa nkhalamba zosinza, mnyamata atayima pamalo pawo. Koma munthu wonyada sasowa pothawira. Lachisanu m'mawa nzeru zinawafikira: fani imakoka mpweya, mawu ndi mpweya, ndiye kuti yatsopanoyo ikuyamwa besi yawo isanafike pa maikolofoni. Anavala jekete n'kulunjika kumsika.

"Bwezeramo yakale ija," anatero asanapereke n'komwe moni.

"Amalume..."

"Ya ku Teteyi ndi mbava. Ikuyamwa mawu anga. Yakale ija inkalongolola, inde, koma sinkaba."

Anabela akanatha kungobwezeramo, nkhani n'kutha, koma fani yakaleyo inali pafupi kufa, ndipo tsiku lakuti yafa amalume ake akanadzachita manyazi pamaso pa anthu ochuluka kuposa kwaya.

"Takhalani pansi," anatero motsitsa mawu. "Musayimbe. Musatsegule n'komwe pakamwa."

Anatulutsa fani ija m'kabati, nayilumikiza, nayiyika pafupi ndi maikolofoni. Inazengereza kaye, kenaka inayamba kuzungulira. Huuum.

A Cornélio anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo, monga mmene munthu amazindikirira chifuwa chake. Anali mawu aja anamveka m'mashapa, mawu aja analiza amayi ku Ntengo-Wambalame, okhuthala, osadukiza, okoma zedi. Anagwira pakhosi pawo. Panali phee.

"Ndine ameneyu?"

"Ndi ventoinya, amalume."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira nyimbo yoyamba. Desculpa, pepani."

Sanakalipe. Anangokhala, manja ali pamaondo, akuyang'ana kachinthu kapulasitiki kosakwana n'chikhatho chomwe, kamene iwo eni analamula kuti katayidwe kudzala. Manyazi anawagwira, koma chisoni chinaposa manyazi, chifukwa anazindikira kuti mawu awo enieni anafa kalekale ndipo iwo sanawalire maliro.

Chimene Anabela anayiwala n'chakuti sipika yapakhomo, imene amayimbira nyimbo zokopa makasitomala, inali yoyatsa. Panja phokoso la msika linayamba kuchepa. Kenaka mayi wina wa mbatatesi anakuwa kuti, "Mawu abwerera!" ndipo nthungululu inayambira pamenepo n'kufalikira mpaka kogulitsa nyemba. Mapazi anamveka akuthamanga. Pakhomo panada bii ndi anthu: mayi Serafina akupukuta misozi ndi chitenje, Tito akupuma ngati munthu amene mlandu wamuchoka, a Celso kutsogolo kwa onse, jumbo ya anyezi ili m'manja.

"Deus é grande! Mulungu ndi wamkulu!" anafuula a Celso. "Ndinanena ine kuti angofunika kupumula!"

Anabela anatambasula dzanja kuti azimitse. A Cornélio anamugwira pamkono. Anamuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali, munali kupempha kokhakokha, malume kupempha mwana wa mlongo wake. Anabela anabweza dzanja.

A Cornélio anayimirira pang'onopang'ono, natembenukira kukhomo mwakuti jekete lawo linabisa tebulo lonse, natsegula pakamwa. Sanatulutse mawu ngakhale pang'ono, poopa kuwononga nyimbo. Misozi inatsikira m'masaya mpaka mu kolala, ndipo amayi atayiona anawomba m'manja kwambiri, akuti taonani mmene bambowa amayimbira ndi mtima. Nsagwada zinayamba kuwawa.

"Pitirizani, bambo!" anakuwa a Celso. "Musaleke!"

A Cornélio sanaleke. Sakanatha kuleka ngakhale akanafuna, poti nyimboyo sinali yawo.